ZA MWANA WA AKURU AMENE ANASOWA WOMTSINA KHUTU

Madzulo ena a m'dzinja, mvula itatitsekera m'nyumba ya mphunzitsi wina pa Boma la Mzimba, tinakhala anthu anai kupenya cithunzithunzi, cimene makolo athu anacicha bayisikopo, ndi ana a makono ati filimu. Dzina lace m'Cingelezi ndilo The Libertine, ndiko kunena munthu amene anataya malamulo onse a mkhalidwe, natsata zilakolako zace monga madzi atsata cigwa. Cinaturuka m'caka ca 2004. Anacikonza ndiye Laurence Dunmore, potsata sewero limene Stephen Jeffreys analemba, nalionetsa ku London m'caka ca 1994. Ndiyambe ndi kucenjeza eni mabanja kuti si cithunzi coonetsa ana, pakuti muli mau onyansa ndi zamanyazi zambiri; ndipo ife tomwe tinazolika kawiri kawiri, popeza pakati pathu panali mkuru wa imvi wa ku dera la Embangweni, amene mvula inamletsa kubwerera kwao.

Cithunzico citatha tinakhala cete kanthawi, kumvera madzi alikugwa pa malata. Pamenepo mkuru uja, amene tinali kummasulira mau m'Citumbuka pang'ono pang'ono, anafunsa mwini nyumba nati, "Aphunzitsi, kodi munthu ameneyu analibe madoda kwao?" Madoda, kwa inu owerenga a kumwera, ndiwo amuna akuru a m'mudzi wa Angoni, amene akhala pa cipata ca khola la ng'ombe kuweruza mirandu ndi kulanga anyamata. Mwini nyumba anaseka nati, "Adada, uyu anali mfulu wamkuru, bwenzi la mfumu ya England, akadamlanga ndani?" Koma mkuruyo sanaseke. Ndipo ine ndakhala nalo funso lace mumtima kuyambira tsiku lomwelo, ndawerenganso mbiri ya munthuyo, ndipo ndiona tsopano kuti nkhalamba yosadziwa Cingelezi ndiyo inagwira nkhani pa mutu pace.

Munthuyo anakhaladi ndi moyo, si wopeka iai. Dzina lace ndiye John Wilmot, Earl waciwiri wa Rochester. Earl ndilo dzina la ulemu la nduna zazikuru za ku England, limene mwana wamwamuna woyamba alowa atamwalira atate wace. Anabadwa m'caka ca 1647, m'masiku amene Angelezi anacita nkhondo okha okha, ena kutsata mfumu, ena kutsata Nyumba ya Malamulo. Mfumu Charles woyamba anamdula mutu m'caka ca 1649. Ndipo mwana wace, Charles waciwiri, atagonjetsedwa pa Worcester m'caka ca 1651, anathawa monga nyama yosakidwa. Mmodzi wa iwo amene anabisala naye, nayenda naye kufikira anaoloka nyanja kunka ku France, ndiye Henry Wilmot, atate wace wa John. Ndipo cifukwa ca nchito imeneyo anampatsa dzina la Earl. Henry anamwalira ku dziko la eni m'caka ca 1658, mwana ali wa zaka khumi. Cotero pamene Charles anabwerera ku mpando wa ufumu m'caka ca 1660, anali ndi mangawa kwa munthu wakufa, ndipo panalibe wina wowalandira koma mwana wamasiyeyo. Mau awa, mangawa, muwasunge, pakuti tidzabwerako.

Mfumu inampatsa mnyamatayo mapaundi 500 caka ndi caka. Analowa sukulu yaikuru ya Oxford ali wa zaka 12, naturukamo ndi digiri ali wa zaka 14, imene anampatsa cifukwa ca dzina lace. Nayenda zaka zitatu ku France ndi ku Italy, nabwera ku bwalo la mfumu pa kutha kwa caka ca 1664, wokongola nkhope, wakuthwa lilime, wodziwa kulemba ndakatulo koposa anzace onse. Tisamcepse munthu pofuna kuti nkhani yathu ikome: nzeru anali nazo ndithu, ndipo pa nkhondo ya pa nyanja yomenyana ndi anthu a ku Holland, m'zaka za 1665 ndi 1666, anaonetsa kulimba mtima kumene akuru a zombo anakutama.

Tsono taonani mndandanda wa zocita zace, ndi cimene cinatsata ciri conse. M'mwezi wa May 1665, ali wa zaka 18, anakhumbira namwali wina wa cuma cambiri, dzina lace Elizabeth Malet. Ndipo pamene namwaliyo anali kubwerera kwao usiku m'gareta pamodzi ndi agogo ace, amuna a zida anaimitsa garetayo pa Charing Cross, namcotsamo mwa mphamvu, namlowetsa m'gareta wina wa akavalo asanu ndi mmodzi. Kuno kwathu ndiko kusomphola, ndipo mudziwa kuti mlandu wace suoneka waung'ono pamaso pa makolo a namwali. Mfumu inakwiya, nimtsekera m'ndende ya Tower. Koma atakhalamo monga masabata atatu anamturutsa, ndipo posacedwa anali m'gulu la nduna zotumikira ku cipinda ca mfumu, ndi malipiro a mapaundi 1,000 pa caka. Namwaliyo anabwezedwa kwao, ndipo m'mwezi wa January 1667 anakwatiwa naye mwa kufuna kwace. Za mtima wa namwali sindiweruza. M'caka ca 1669, ataledzera pa phwando, Rochester anapanda khofi munthu wina wochedwa Thomas Killigrew pamaso pa mfumu, cimene cinali mlandu waukuru pa malamulo a bwalo. Koma Samuel Pepys, mlembi wa za zombo amene analemba zocitika za tsiku ndi tsiku, asimba kuti m'mawa mwace mfumu inaoneka ili kuyenda naye ndi kuceza naye monga kale. M'caka ca 1673 analemba ndakatulo yotonza mfumu yomwe ndi akazi ace a m'mbali, ndipo mwa kusokoneza mapepala anaipereka m'dzanja la mfumuyo. Anampitikitsa pa bwalo, koma caka cotsatira anabwera, namuika woyang'anira nkhalango ya mfumu ya ku Woodstock. M'caka ca 1675 anaphwanya, ali ciledzerere, cipangizo ca mtengo wapatali coyesera nthawi ndi dzuwa, cimene cinaima m'munda wa mfumu ku Whitehall. Anabisala pang'ono, nabweranso.

Koma cimene cindilemera koposa ndico ca ku Epsom, m'mwezi wa June 1676. Iye ndi anzace, atakhuta vinyo, anayamba kuzunza oyimba zeze amene anakana kuwayimbira, nathyola citseko ca nyumba ya mkuru wa alonda a mudziwo, nampanda. Alonda atasonkhana, mmodzi wa anzace anapepesa, ndipo cinthu cinali pafupi kutha. Koma Rochester anasolola lupanga kuti alase mkuru wa alonda uja. Mnzace wina, dzina lace Downs, anamgwira kuti asaphe munthu. Alonda pakumva phokoso anabweranso ndi zibonga, namkantha Downs pamutu. Ndipo Rochester, amene anayambitsa zonse, anathawa, namsiya mnzace m'manja mwao. Downs anamwalira ndi mabala ace. Rochester sanaimirire pa bwalo la mirandu. Anabisala m'London, nabvala zobvala za sing'anga, nadzicha Doctor Bendo, nagulitsa mankhwala onyenga kwa anthu osauka ndi akazi osabala, ndipo nkhani imeneyi inakhala yoseketsa pa bwalo la mfumu zaka zambiri. Munthu mmodzi yekha amene anamgwira dzanja usiku umenewo ndiye anafa.

Cifukwa ninji mfumu inacita cotero? Coyamba ndi mangawa aja: inakumbukira atate amene anaipulumutsa, ndipo inayesa kuti kulanga mwana ndiko kuiwala cokoma ca atate. Caciwiri, ndipo ndiyesa ndico cacikuru, Rochester anaiseketsa. Bwalo la Charles linali lodzala ndi anthu otopa ndi kukhuta, ndipo munthu wodziwa kutembenuza mau kuti onse agwe ndi phwete anali wosowa koposa nduna yanzeru. Ciripo cithunzi cace cojambula ndi utoto, m'mene Rochester aimirira alikubveka pusi nkhata ya masamba imene abveka alakatuli omveka. Ndipo Graham Greene, polemba mbiri yace, anacha buku lace dzina la pusiyo. Iye anafuna kutonza alakatuli anzace. Koma ine popenya cithunzico ndiganiza za pusi wa pa cingwe amene anthu amweta pa khomo, amene akaba cimanga ca mnansi mwini wace angoseka, pakuti cimangaco si cace.

Apa ndipo pali funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi, inu owerenga. Tonse tinaphunzira kuti kukhululuka ndi cinthu cokoma, ndi kuti mfumu ya cifundo iposa mfumu ya nkhanza, ndipo sinditsutsa. Koma kodi cimene Charles anacita ndiko kukhululuka? Ndiyesa kuti pali zinthu ziwiri zofanana nkhope, monga bowa wodyedwa ndi bowa wakupha, ndizo kukhululuka ndi kulekerera. Wokhululuka ayamba wachula colakwa ndi dzina lace, ndipo cimene ataya ndi cace ca iye mwini: mkwiyo wace, ng'ombe yace, mlandu wace. Wolekerera sachula kanthu, ndipo sataya kanthu. Amene alipa ndi ena. Pa ndakatulo yotonza ndi pa cipangizo cophwanyika mfumu inali nayo mphamvu ya kukhululuka, pakuti wolakwiridwa ndi iyo. Koma mantha a namwali wokokedwa m'gareta usiku sanali a mfumu. Mutu wa mkuru wa alonda sunali wa mfumu. Mwazi wa Downs sunali wa mfumu. Munthu amene atha mlandu wa mwana wace ndi ng'ombe za m'khola la mnansi, kodi timcha woolowa manja?

Ndipo kulekerera kumupha ndi wolekereredwa yemwe. M'cithunzithunzi muli malo amodzi amene wolemba anaona bwino: mfumu, imene aisewera John Malkovich, itampeza Rochester m'kubisala kwace, inena kuti sidzammanga kapena kumupha, koma idzangomleka akhale monga ali masiku ace onse. Mau amenewo ndi opeka, koma afotokoza zoona. Rochester mwini anaulula pambuyo pace kuti panali zaka zisanu zotsatana m'mene sanakhale wosaledzera. Ndipo pofika zaka 30 thupi lace linali litayamba kuonongeka ndi mowa ndi nthenda za dama, zimene ambiri ayesa kuti cinali cindoko. Anamwalira pa 26 July 1680, ali wa zaka 33.

Tsopano mudzamvetsa cifukwa cace mkuru wa ku Embangweni anafunsa za madoda. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndi amene ana ao anadzakhala m'dziko lino la Mzimba pansi pa M'mbelwa, anali anthu odziwa ukuru ndi ung'ono koposa mitundu yozungulira. Anali ndi nyumba ya ufumu ya a Jere, ndi mapfuko omveka ocokera kumwera, ndi anthu ogwidwa pa njira. Ndipo kufikira lero Inkosi ya Makhosi ilandira Bayete. Koma m'maleredwe ao munali nzeru imodzi imene bwalo la Charles linaisowa. Margaret Read, mai wa ku England amene anakhala pakati pa Angoni a dziko lino m'zaka za m'ma 1930, nalemba buku la maleredwe ao lochedwa Children of Their Fathers, afotokoza kuti mnyamata akagulula mano anacoka ku nyumba ya amace, nakagona ku laweni, ndiyo mphala ya anyamata, nakhala wobusa ng'ombe. Kumeneko wolamula ndiye wamkuru msinkhu ndi wamphamvu. Mwana wa nduna anatumidwa kukatunga madzi monga mwana wa munthu wamba, ndipo ng'ombe zikalowa m'munda wa eni, ndodo sinafunse ciwongo cace. Pamwamba pa anyamata panali madoda, ndi ku mbali ya nyumba kunali agogo, amene liu lao linaopedwa. Ndipo cimene anafuna kuona mwa mwana wa akuru ndico kudziletsa, kuti asaonetse mkwiyo, kapena umbombo, kapena mantha pamaso pa anthu.

Sinditi masiku aja anali a mtendere ndi cilungamo. Funsani Atumbuka, Atonga ndi Asenga amene midzi yao inatenthedwa. Iwo adzakuuzani kuti mwambo wokoma wa ku laweni unasula anyamata a nthungo, ndi kuti amene analipa ndi iwo. Cimene nditama ndi cimodzi cokha: anadziwa kuti mwana amene adzalandira Bayete ayenera ayambe walawa ndodo ya mbusa mnzace, pakuti tsiku lidzafika limene palibe adzalimba mtima kumkaniza kanthu. Rochester analowa dzina la Earl ali wa zaka khumi, wopanda atate. Ndipo m'malo mwa laweni anamtumiza ku bwalo kumene mkuru wa onse anali ndi akazi a m'mbali oposa khumi, ndi ana ambiri a kunja kwa ukwati. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, anatero akale. Nanga mwini galu akakhala wakuba mazira, adzamletsa ndani?

Ndikumbukiranso Inkosi Chimtunga, mwana wa M'mbelwa woyamba. M'caka ca 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Boma linafuna amuna a mtengatenga onyamula akatundu a asilikari kunka ku malire a kumpoto. Iye anakaniza anthu ace, ndipo anamcotsa pa mpando, namtumiza kutali kumwera. Sindifuna kuweruza pano mirandu yonse ya masiku ajawo. Ndingoika anthu awiriwa pamodzi kuti muwapenye. Wina ukuru wace unamtengera tsoka cifukwa ca misana ya anthu ace. Mnzaceyo ukuru wace unali cikopa cobisalako iye yekha, mibvi nigwera amene aima pafupi.

Kapena wina adzati, Izi nza Angelezi akale ndi mafumu akale. Ife tiri nazo ciani? Abale anga, ma Earl tiri nao, kungoti sabvala tsitsi lopota. Dziko la Mzimba latuma ana ace ku Joni kuyambira masiku a Wenela, ndipo kufikira lero mabasi anyamuka pa Boma ndi pa Jenda odzala ndi anyamata. Ambiri a iwo abvutika ndithu m'dziko la eni, nadzimana, namanga nyumba za makolo ao, naphunzitsa abale ao. Awa ayenera ulemu. Koma mudziwa inu nomwe za uja abwera pa Khirisimasi ndi galimoto, amene anafolera nyumba ya atate wace ndi malata, nagulira atate ang'ono feteleza, naponya ndalama zambiri m'mbale ya copereka. Akayamba kugona ku malo a mowa, mkazi wace amene anatsala zaka zitatu kulima munda ali kumdikira, ndani amuitana pa khola? Akapatsa pathupi mwana wa sukulu wa mudzi wa patsidya, madoda omwe aja athamanga kukakonza nkhani usiku, kuti ingamveke, ndi ndalama za mwini mlandu. Ndipo namwaliyo aleka sukulu, mnyamata nabwerera ku Johannesburg. Onse ali ndi mangawa kwa iye, monga Charles anali nao kwa Henry Wilmot. Ndipo pakamwa podzala nsima ya munthu sipanena zomtsutsa. Momwemonso mwana wa munthu wa ndale, ndi mwana wa mwini sitolo yaikuru, ndi wophunzira woyamba wa pa mudzi amene onse aopa Cingelezi cace. Ndipo ife amene tinaika maliro ambiri a Edzi m'zaka za m'ma 1990 tidziwa kuti nthenda ya mwamuna wolekereredwa siimira pa iye yekha.

Pali cotsutsa cimodzi cimene sindingacilumphe. Wina adzati, Mwamcotsera munthu mlandu wace, ndi kuusenzetsa mfumu. Kodi Rochester sanali wamkuru, wa nzeru zoposa za omlangiza? Kodi analibe amace? Inde anali nao, Anne dzina lao, mai wopembedza ndi wouma mtima, amene sanaleke kumdzudzula. Ndi mkazi wace yemwe, amene anamsiya ku mudzi ndi ana anai pamene iye anali ku London ndi Elizabeth Barry, mkazi wa masewero amene anambalira mwana m'caka ca 1677, anamlembera akalata a madandaulo. Cotero sanacimwe mosadziwa, ndipo mlandu wace ukhala pa iye wonse. Koma mlandu suli monga mbuzi imodzi, yakuti wina akaitenga mnzace atsala wopanda. Ungathe kukhala wonse pa wocita, ndi wonsenso pa iye amene anali ndi mphamvu ya kuletsa, nangoseka. Akazi awiri aja anali ndi mau, koma analibe cingwe. Ndalama, nchito, ulemu, ndi khomo lothawirako mlandu ukabuka, zonse zinali m'dzanja la mfumu. Ndipo dzanja limenelo silinafumbate konse.

Nanga cithunzithunzico, tinene ciani za ico? Ndicitama pa ici, kuti sicikometsa zoipa. London wace ndi wa matope, wa utsi ndi mdima, wounikidwa ndi makandulo. Maphwando ace saoneka okondweretsa. Ndipo nkhope ya Johnny Depp, amene asewera Rochester, ibvunda pang'ono pang'ono pamaso pathu, kufikira abvala mphuno ya siliva kubisa imene nthenda inadya. Mnyamata amene apenya kufikira pa mapeto sadzakhumbira moyo wotere. Koma ndiri naco cifukwa. Poyamba peni peni Rochester ayang'ana ife openya, natiuza kuti sitidzamkonda. Ndipo potsiriza atifunsa ngati tsopano tamkonda. Imeneyi ndi nyambo, ndipo ndiyo yomwe anakolera mfumu. Maora awiri diso la cithunzi likhala pa iye: nthabwala zace, cisoni cace, zironda zace. Mkazi wace, amene amsewera Rosamund Pike, aoneka pang'ono, alira, nacoka. Downs agwa m'matope usiku, ndipo nkhani ipitirira kutsata wothawayo. Pofika pa mapeto ndinadzipeza ndiri kummvera cifundo iye koposa onse amene anawapweteka; ndipo ndinazindikira ndi manyazi kuti andikhazika pa mpando wa Charles, ndipo ndakhalapo bwino lomwe.

Ndiponso okonza cithunzi anamkongoza cokoma cimene sanacite. Aonetsa Rochester, wodwala, woyenda ndi ndodo, alikulowa m'Nyumba ya Malamulo ya akuru, nalankhula mau amphamvu otsutsa lamulo lofuna kuletsa James, mbale wa mfumu, kulowa ufumu cifukwa anali wa mpingo wa Roma; ndipo mau ace apulumutsa mfumu. Koma akuru aja anakana lamulo limenelo m'mwezi wa November 1680, Rochester atamwalira kale miyezi itatu. Wolemba sewero ali nao ufulu wa kupeka, sindikana. Koma taonani cimene anapeka. Anaona kuti mangawa a munthuyu acuruka, ndipo anamlipirira ndi ndalama zosakhala zace, kuti ife tituruke ndi mtima wopepuka. Patapita zaka 300 ndi kupitirira, mwana wa Henry Wilmot apezabe omkonzera nkhani usiku.

Cimene cinacitikadi m'caka cace cotsiriza ncoposa copekaco, ndipo cithunzi cingocikhudza pang'ono. M'nyengo yozizira ya 1679 kulowa 1680, Rochester anaitana mbusa wina wa ku Scotland, Gilbert Burnet, amene pambuyo pace anakhala bishopu wa Salisbury. Ndipo anakambirana miyezi ingapo. Rochester anaika maganizo ace poyera: kuti munthu asapweteke mnzace, asaononge thupi lace, ndipo kunja kwa izi cokondweretsa ciri conse ncololedwa, makamaka vinyo ndi akazi. Burnet sanaseke, sanamuopsenso ndi mau okha okha. Anamtsata m'maganizo ace omwe, namuonetsa kuti pa muyeso wace womwewo agwa, pakuti kuipitsa mkazi wa mwini kapena mwana wa mwini ndiko kupweteka munthu koposa kumbera cuma, ndi kuti thupi lace lomwe linali mboni yomtsutsa. Ndipo munthu uja amene anatonza mfumu ndi ansembe anamvera, nayankha, nabweranso kudzamva. Atagona pa mphasa ya imfa ku Woodstock, Robert Parsons, mbusa wa amace, anamwerengera mutu 53 wa Yesaya. Ndipo analapa, naitana anchito ace kuti amve, nalamula kuti zolemba zace zonyansa zitenthedwe. Burnet anasindikiza mbiri ya zokambirana zao m'caka comweco, ndipo buku limenelo linawerengedwa mibadwo yambiri.

Ena a abwenzi ace anati nthenda inamsokoneza mutu. Ena kufikira lero ati abusa ndi amace anakuza nkhani. Za mumtima wa munthu wakufa woweruza ndi Mwini moyo, ndipo ine sindidzatseka khomo limene Iye sanatseke. Cimene ndiona ine ndi ici: pamene anapezeka munthu wosamuopa, wosafuna kanthu kwa iye, wosaseka nthabwala zace, Rochester anakhala pansi namvera. Khutu linalipo nthawi yonse. Akadapezeka wolitsina m'caka ca 1665, pamene anaturuka m'ndende atakhalamo masabata atatu okha, kapena tikadawerenga mbiri yina; koma anapezeka thupi litatha, ndipo kulapa kwace, kungakhale kunali koona, sikunabweze kanthu kwa amene anatayidwa pa njira. Mkazi wace anamwalira m'caka ca 1681. Mwana wace mmodzi yekha wamwamuna, Charles, anamwalira caka comweco asanakule. Ndipo m'caka ca 1682 mfumu inapatsa munthu wina, Laurence Hyde, dzina la Earl wa Rochester.

Usiku uja pa Boma mvula inakata mocedwa, ndipo mwini nyumba anayala mphasa kuti mkuru wa ku Embangweni agone. Ife tiri kutsazika pa khomo, iye anali cikhalire pa mpando, alikupukusa mutu. Ndipo sanafunse za Earl, kapena za mfumu, kapena za mphuno ya siliva. Anati, "Aphunzitsi, nanga mnyamata uja anamsiya m'matope, kwao anapita ndani kukanena maliro?"